Lipoti la ntchito yotsegula poti ya serial pa Raspberry Pi yowerenga mita ya pampu ya sola

Chimene ndinaitanidwira

Lipotili likukhudza kakompyuta ka bolodi limodzi ka Raspberry Pi kamene kamagwira ntchito pa sikimu ina ya ulimi wothirira ku chigwa cha Shire, komwe pampu yokoka madzi imayendera magetsi a dzuwa. Ntchito ya kakompyutako ndi kufunsa mita ya magetsi ndi inveta ya pampu (chipangizo chosandutsa magetsi a dzuwa kuti ayendetse pampuyo) pakapita mphindi zingapo zilizonse, kusunga mayankho ake, ndi kuwatumiza ku ofesi ya bungwe loyang'anira sikimuyo kudzera pa modemu ya foni yolowetsedwa pa USB. Manambala amenewa ndi amene komiti ya alimi imadalira pofuna kudziwa maola amene pampu yagwira ntchito, ndipo ndi omwenso amachenjeza msanga pampu ikayamba kukoka mpweya m'malo mwa madzi.

Raspberry Pi imalankhula ndi zipangizo ziwirizo kudzera pa mawaya awiri a RS-485, otchedwa A ndi B, potsatira ndondomeko ya Modbus, imene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo ikugwirabe ntchito m'mafakitale mpaka lero. Pa sikimuyi mita ndi inveta zinaikidwa pa Modbus RTU, liwiro la 9600 baud (mabiti 9600 pa sekondi), mabiti 8 a uthenga, parity ya even (biti yowonjezera yozindikirira uthenga wopotoka), ndi biti imodzi yotsekera, zimene amisiri amalemba mwachidule kuti 8E1.

Bolodi loyamba linali Raspberry Pi 2 Model B, la mtundu umene unatuluka mu 2015, ndipo linagwira ntchito popanda chodandaulitsa kufikira pamene mphenzi inagwa pafupi nyengo ya dzinja n'kuotcha kachipangizo kotsitsa magetsi a batire kukhala mavolti 5 pamodzi ndi bolodilo. M'malo mwake anaikamo Raspberry Pi 3 Model B+, ya mu 2018, imene inali pa ofesi. Popeza mabolodi awiriwa ali ndi mzere wofanana wa mapini 40, mawaya onse anabwerera m'malo mwake osasintha ngakhale mmodzi, khadi yatsopano ya SD inalembedwa Raspberry Pi OS ya Bullseye, ndipo pulogalamu ya Python yofunsa mita inakoperedwa momwe inalili. Kakompyutako kanayaka bwinobwino, modemu inagwira netiweki, koma mita ndi inveta sizinayankhe ngakhale kamodzi.

Mmisiri wa pa sikimuyo, amene ndi wa zamagetsi ndipo si wa makompyuta, anayesa zinthu zingapo potsatira malangizo a pa foni ndisanafike. Anasintha dzina la poti ya serial, imene ndi khomo lotumizira ndi kulandirira uthenga pa mawaya, mu pulogalamu kuchoka pa /dev/ttyAMA0 kupita pa /dev/ttyS0. Analowa mu raspi-config, pulogalamu yosinthira makonzedwe a bolodi, n'kuyankha kuti inde pa funso loyamba lokhudza serial. Pulogalamu itakana kutsegula poti chifukwa chosowa chilolezo anayamba kuiyendetsa ndi sudo, lamulo lopatsa pulogalamu mphamvu zonse za woyang'anira kompyuta. Ndipo pomaliza anachotsa moduli ya RS-485 yakale, kachipangizo kolumikiza mapini a bolodi ndi mawaya A ndi B, n'kuikapo ina yogula kumsika, poganiza kuti yakaleyo inapsa ndi mphenzi. Chilichonse mwa zimenezi chinali ndi nzeru yake, koma zitaunjikana zinabisa vuto lenileni n'kubala ena pamwamba pake. M'fayilo imene pulogalamu imalembamo zochitika munali mzere umodzi wokha wobwerezabwereza wakuti "mita sikuyankha", chifukwa amene anailemba anasonkhanitsa zolakwika zamtundu uliwonse pamalo amodzi, kaya poti yakana kutseguka, kaya yadulidwa, kaya mita yangokhala chete.

Zimene zinasintha pa Raspberry Pi 3

Kuti zotsatirazi zimveke, ndiyenera kufotokoza kaye zimene zili m'kati mwa tchipi. Ma Raspberry Pi oyambirira mpaka pa Pi 3 ali ndi ma UART awiri, ndiko kuti zigawo ziwiri zotumiza ndi kulandira mabiti motsatizana pa waya. Yoyamba ndi PL011, yopangidwa ndi ARM, imene Linux imaitcha ttyAMA0; ili ndi wotchi yakeyake, imadziwa parity, ndipo imatha kutseka chilembo ndi biti imodzi kapena awiri. Yachiwiri ndi mini UART, imene Linux imaitcha ttyS0, ndipo ndi yochepekedwa: ilibe parity, imatseka ndi biti imodzi yokha, malo ake osungiramo mabayiti podikira ndi 8 pomwe a PL011 ndi 16, ndiponso liwiro lake limachokera pa wotchi ya core, imene imakwera ndi kutsika malinga ndi ntchito imene tchipi ikugwira.

Pa Raspberry Pi 2 ndi mabolodi akale, PL011 ndi imene imatulukira pa GPIO 14 ndi GPIO 15, omwe ndi pini ya 8 yotumizira ndi pini ya 10 yolandirira. Raspberry Pi 3 itatuluka mu February 2016 inabwera ndi WiFi ndi Bluetooth, ndipo popeza Bluetooth imafuna UART yodalirika, opanga anaipatsa PL011, n'kusiya mini UART pa mapini 8 ndi 10. Zimenezi zinalembedwa poyera m'malangizo a bolodi ndipo si cholakwika cha fakitale; kungoti mapini akuoneka chimodzimodzi, choncho munthu wosamutsa mawaya alibe chomuchenjeza. Pofuna kuchepetsa chisokonezo, makina oyendetsera kompyutayi amapanga dzina lolozera lakuti /dev/serial0, limene pa mabolodi amenewa limaloza UART imene ili pa mapini 8 ndi 10, kaya ndi iti. Pulogalamu ya pa sikimuyi inalembedwa dzinali lisanazolowereke, motero tsiku loyamba pa bolodi latsopano inkatumiza mafunso ake a Modbus ku tchipi ya Bluetooth, ndipo pa mapini sipankatuluka kanthu.

Kusintha dzina kupita pa ttyS0 kunalozetsa pulogalamu pa mapini oyenera, koma pa UART yosayenera ntchitoyi.

Kufufuza

Ndinayamba ndi kulekanitsa vuto pakati, kuti ndidziwe ngati lili ku zipangizo za pampu kapena ku kakompyuta. Ndinachotsa mawaya A ndi B pa moduli ya Raspberry Pi n'kuwalowetsa pa adaputa ya USB kupita ku RS-485 imene ndinalumikiza pa laputopu, kenako ndinafunsa mita ndi pulogalamu ya mbpoll pa 9600 ndi parity ya even. Mita inayankha nthawi yomweyo, ndipo inveta nayo inayankha pa adiresi yake. Chingwe, mita ndi inveta zinatuluka m'mlandu pomwepo, ndipo ndikulimbikitsa aliyense wogwira ntchito yotere kuti ayambire pamenepa, chifukwa adaputayi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi nthawi imene imatayika posinthasintha zinthu mongoganizira.

Pa Raspberry Pi, lamulo la ls -l /dev/serial0 linaonetsa kuti dzinalo likuloza ttyS0, monga ndinkayembekezera. Chimene chinandiimitsa ndi mzere wa ttyS0 yeniyeniyo, umene unali motere:

crw--w---- 1 root tty

Poti ya serial yomasuka imakhala ya gulu la dialout ndipo chilolezo chake chimalembedwa crw-rw----. Ikaoneka kuti ndi ya gulu la tty, ndipo gululo lili ndi chilolezo cholemba chokha, ndiye kuti wina waigwira kale ngati malo olowera mu kompyuta. Lamulo la systemctl status serial-getty@ttyS0.service linatsimikiza kuti agetty, pulogalamu yolandira anthu olowa mu kompyuta, ikuyenda pa potiyo, ndipo mu /proc/cmdline munali console=ttyS0,115200, kutanthauza kuti potiyo inasandutsidwa console, malo amene Linux imalembapo mauthenga ake ndi kulandirirapo malamulo. Apa ndi pamene kukana chilolezo kuja kunachokera. Kukanako kunali chenjezo loona, ndipo sudo inangolitseka pakamwa.

Funso loyamba la raspi-config limafunsa ngati mukufuna kuti munthu azitha kulowa mu kompyuta kudzera pa serial, ndipo lachiwiri limafunsa ngati mukufuna kuti poti yeniyeniyo itsegulidwe. Munthu wofuna kulumikiza mita, GPS kapena modemu ayenera kukana loyamba ndi kuvomera lachiwiri. Akavomera loyamba, mu fayilo ya cmdline.txt mumalowa mawu akuti console=serial0,115200, ndipo zotsatira zake ndi ziwiri. Kernel, imene ndi phata la Linux, imathira mauthenga ake onse a poyaka pa pini ya 8, ndipo pa sikimuyi mauthengawo ankalowa pa chingwe cha mita ndi inveta pa liwiro limene zipangizozo sizilimva. Kenako systemd, imene imayambitsa mapulogalamu kompyuta ikayaka, poona console ya serial, imayambitsa yokha agetty, imene ili ngati mlonda wapachipata wofunsa dzina kwa aliyense wofika: bayiti iliyonse yolowa pa pini ya 10 imaitenga ngati chilembo cha dzina la munthu wofuna kulowa. Popeza poti ndi imodzi, makonzedwe ake a liwiro ndi zina ndi amodzinso, choncho pulogalamu ya mita ndi agetty zinkasinthirana makonzedwewo, ndipo nthawi iliyonse agetty ikayambiranso, systemd inkadula onse ogwira potiyo. Ngakhale mita ikanayankha, yankho lake likanagawika pakati pa mapulogalamu awiri.

Nditaimitsa agetty mongoyembekezera, ndinachotsa moduli ya RS-485 n'kulumikiza pini ya 8 ndi ya 10 ndi kawaya kafupi, kuti chimene bolodi latumiza lichilandirenso lokha. Mu minicom, pulogalamu yolembera ndi kuwerengera zilembo pa poti ya serial, nditazimitsa hardware flow control imene imabwera yoyaka ndipo imaletsa zilembo kutuluka pamene palibe waya wa CTS, zilembo zonse zimene ndinalemba zinabwerera pa sikirini. Mayesowa anandiuza chinthu chimodzi chofunika, chakuti mapini awiriwo ndi amoyo. Koma sayenera kukhulupiriridwa kupitirira pamenepo, ndipo ndaona amisiri odziwa ntchito akunyengeka nawo. Wotumiza ndi wolandira ndi UART imodzi yomweyo, motero ngati ikutumiza popanda parity ikulandiranso popanda parity, ndipo zonse zimaoneka zolongosoka ngakhale munthu atasankha even pa menyu. N'chimodzimodzinso ndi liwiro: likaphonya, limaphonya mbali zonse ziwiri mofanana.

Umboni wa parity ndinaupeza ndi stty, pulogalamu yoonera ndi kusintha makonzedwe a poti. Nditalamula stty -F /dev/ttyS0 9600 parenb -parodd, pulogalamuyo inadandaula kuti sinathe kuchita zonse zimene ndapempha, ndipo nditawerenganso makonzedwe ndi stty -a panali polembedwa -parenb, kusonyeza kuti parity ndi yozima. Dalaivala ya kernel imadziwa kuti mini UART ilibe gawo limeneli ndipo imangochotsa pempholo. Lamulo la raspi-gpio get 14,15 linaonetsanso kuti mapiniwo ali pa ntchito ya alt 5, TXD1 ndi RXD1, imene ndi mini UART.

Zimene mita imaona zikatero n'zosavuta kuzitsata. Iyo imayembekezera mabiti 11 pa chilembo chilichonse: imodzi yoyambira, 8 a uthenga, imodzi ya parity ndi imodzi yotsekera. Mini UART imatumiza 10. Choncho mita imatenga biti yotsekera ngati ya parity, ndipo pamalo pamene ikuyembekezera yotsekera imapeza biti yoyambira ya chilembo chotsatira, zonse n'kusokonekera kuyambira pamenepo. Malamulo a Modbus amanena kuti chipangizo chikalandira uthenga wolakwika parity kapena CRC (nambala ya kumapeto yotsimikizira kuti uthenga wafika wathunthu) chisayankhe kanthu, ndipo n'chifukwa chake kukhala chete kwa mita sikuuza munthu ngati waya waduka kapena uthenga wafika wopotoka.

Vuto lomaliza linali moduli yogula kumsika ija. Inali ya mtundu wofala wa tchipi ya MAX485, wokhala ndi mapini DI, DE, RE ndi RO, ndipo inkadyetsedwa mavolti 5 kuchokera pa pini ya 2. RS-485 ya mawaya awiri imalola mbali imodzi yokha kulankhula pa nthawi imodzi, ndipo mapini DE ndi RE ndi amene amasankha ngati moduli ikutumiza kapena ikumvetsera. Moduli yakale inkadzisinthira yokha, choncho pa bolodi panalibe waya wa ntchito imeneyi, ndipo pa yatsopanoyi DE ndi RE anangosiyidwa osalumikizidwa. Nditayeza ndi malitimita ndinapeza kuti onse awiri ali pamwamba chifukwa cha maresisita a pa moduliyo, kutanthauza kuti inali itagwira chingwe nthawi zonse ngati wotumiza, osapatsa mita mpata woyankha. Pa RO napo panali pafupifupi mavolti 5, olunjika pa pini ya 10, pomwe mapini a GPIO a Raspberry Pi ndi a mavolti 3.3 ndipo sanapangidwe kuti azipirira 5. Pini inapulumuka, mwina chifukwa magetsiwo ankadzera mu resisita pamene gawo lolandira la tchipi linali lozima, koma DE ndi RE akanatsitsidwa kuti moduli imvetsere, tchipiyo ikanakankha mavolti ake mwachindunji. Moduli yakale nditaiyesa ndi adaputa ya pa laputopu inapezeka kuti ndi yabwinobwino.

Njira zimene zinalipo ndi imene ndinasankha

Njira yooneka yapafupi inali yosiya mini UART pamalo pake n'kusintha mita ndi inveta kuti zisamagwiritse ntchito parity. Mita inkalola zimenezi. Inveta inkatsatira lamulo la Modbus ndendende, lakuti popanda parity pakhale mabiti awiri otsekera kuti chilembo chikhalebe cha mabiti 11, ndipo mini UART siitha kutumiza awiri. N'zoona kuti zipangizo zambiri zimangoyang'ana biti yotsekera yoyamba, kotero kuti kulumikizana kotere nthawi zina kumayenda, koma sindinafune kusiya pampu ya alimi ikudalira mwayi umenewu, makamaka pa chingwe chodutsa pafupi ndi inveta, imene imatulutsa phokoso lambiri la magetsi. Palinso nkhani ya wotchi. Mzere wa enable_uart=1 pa Pi 3 umakhomerera wotchi ya core pa 250 MHz kuti liwiro la mini UART lisamayendeyende, ndipo tsiku lina munthu atawonjezera mzere wina wosintha wotchiyo pofuna kuthamangitsa bolodi, poti ingayambe kutulutsa zilembo zosamveka popanda wokhudza waya aliyense. PL011 ilibe nkhawa imeneyi chifukwa imawerengera liwiro lake pa wotchi yosiyana ya 48 MHz.

Njira ina inali kugwiritsa ntchito adaputa ya USB ngati ya pa laputopu ija mpaka kalekale. Imagwira ntchito, ndipo pena ndi yankho labwino, koma m'bokosi lomangidwa pafupi ndi pampu, momwe muli kunjenjemera ndi kutentha kwa ku chigwa, pulagi ya USB ndi chinthu chinanso chotha kukhwefuka, ndipo modemu inali kale pa USB ikulanda mayina a ttyUSB motsatana ndi chimene chayamba kuoneka poyaka.

Zotsala zinali ma overlay awiri obwezera PL011 pa mapini 8 ndi 10, ndiko kuti makonzedwe osintha ntchito ya mapini amene amaitanidwa ndi mzere umodzi mu fayilo ya config.txt. Ya miniuart-bt imasinthanitsa ma UART, Bluetooth n'kupita pa mini UART, ndipo imafuna kuti wotchi ya core ikhomereredwe ndi mzere wa core_freq=250. Ya disable-bt imazimitsa Bluetooth kotheratu. Pa sikimuyi palibe amene amagwiritsa ntchito Bluetooth ya kakompyutako, choncho ndinasankha yachiwiri. WiFi siikhudzidwa, chifukwa imalankhula ndi purosesa kudzera pa njira ina ya SDIO. M'malangizo akale ma overlay amenewa amalembedwa ndi pi3 kutsogolo, monga pi3-disable-bt, ndipo ndi omwewo.

Zimene ndinachita

Mu /boot/config.txt ndinatsimikiza kuti muli mizere iwiri iyi:

enable_uart=1
dtoverlay=disable-bt

Fayiloyi imagawidwa ndi mitu ya m'mabulaketi monga [pi4] ndi [all], ndipo mzere wolembedwa pansi pa [pi4] sugwira ntchito pa Pi 3, choncho ndinaika mizereyi pansi pa [all]. Mu /boot/cmdline.txt ndinachotsa mawu akuti console=serial0,115200 okha, n'kusiya console=tty1 ndi zina zonse pa mzere umodzi, popeza fayiloyi siyenera kuthyoledwa kukhala mizere iwiri. Kuchotsa kumeneku ndi kumene kumathetsa nkhani ya agetty. Anthu ena amangozimitsa serial-getty@ttyS0 n'kusiya cmdline.txt momwe ilili, koma disable-bt ikangoyamba kugwira ntchito serial0 imasanduka ttyAMA0, console imatsatira komweko, ndipo systemd imayambitsa agetty ina pa dzina latsopanolo. Ndinazimitsanso sevisi ya hciuart ndi sudo systemctl disable hciuart, chifukwa ntchito yake ndi kudzutsa Bluetooth kudzera pa UART ndipo sinalinso ndi chochita. Ogwiritsa ntchito Raspberry Pi OS ya Bookworm, imene inatuluka mu October 2023, adziwe kuti mafayilo awiriwa anasamukira mu /boot/firmware, ndiponso kuti m'malo mwa raspi-gpio muli pinctrl.

Nditazimitsa ndi kuyatsanso bolodi, /dev/serial0 inaloza ttyAMA0, chilolezo chinali crw-rw---- root dialout, mapini 14 ndi 15 anaoneka pa alt 0 ngati TXD0 ndi RXD0, ndipo stty inalandira parenb popanda kudandaula. Ndinabwezeretsa moduli yakale, yodyetsedwa mavolti 3.3 kuchokera pa pini ya 1, ndi GND pa pini ya 6. Pa moduli zodzisinthira zokhazi malembo a TXD ndi RXD sagwirizana pakati pa opanga, ena amalemba potengera mbali ya moduli ndipo ena mbali ya kompyuta, motero ndinatsatira mmene mawaya analili pa bolodi lakale n'kutsimikiza ndi timagetsi tiwiri ta pa moduliyo: kotumiza kayenera kuphethira poyamba, kolandira n'kutsatira. Lamulo loyesera linali ili:

mbpoll -m rtu -a 1 -b 9600 -P even -t 3 -r 1 /dev/serial0

Mita inayankha, ndipo manambala ake anagwirizana ndi amene anali pa galasi lake.

Pa pulogalamu ya Python ndinasintha zinthu zochepa. Dzina la poti linakhala /dev/serial0. Zolakwika ndinazilekanitsa, kuti kulephera kutsegula poti, kudulidwa kwa poti, kusayankha kwa chipangizo ndi yankho la CRC yolakwika zizilembedwa chilichonse ndi mawu ake, pamodzi ndi adiresi ya chipangizo. Ndinaonjezera kampata kochepa pakati pa funso la mita ndi la inveta, chifukwa Modbus RTU imazindikira mathero a uthenga ndi chete wa nthawi ya zilembo 3.5, amene pa 9600 baud ndi pafupifupi mamilisekondi 4, ndipo pulogalamuyo inkafunsa inveta yankho la mita litangotha kumene. Pomaliza ndinaichotsa pa sudo: tsopano imayendetsedwa ndi systemd pa akaunti wamba imene ili m'gulu la dialout, kuti tsiku lina console ikadzabwereranso mwangozi, pulogalamu idzakanidwe chilolezo n'kulemba zimenezo poyera.

Poyesa, ndinadula ndi kubwezeretsa magetsi a bolodi pampu ikuyenda, ndinasiya kakompyuta kakufunsa usiku pamene inveta yagona ndi m'mawa pamene ikudzuka, ndipo ndinathamangitsa purosesa dala ndi ntchito yolemera kuti ndione ngati liwiro la poti lingagwedezeke. Silinagwedezeke. Mizere yakusayankha inaoneka usiku kuchokera ku inveta yokha, imene imazima dzuwa likalowa, ndipo zimenezi n'zoyembekezeka.

Chisankhochi chili ndi mtengo wake, ndipo eni sikimu ndinawauza. Console ya serial ndi njira yodalirika yoonera chimene chikuletsa bolodi kuyaka pamene netiweki palibe, ndipo m'bokosi lopanda sikirini ndi kiyibodi ndi yothandiza kwambiri. Pa Pi 3 ma UART onse awiri amatulukira pa mapini omwewo a pa mzere wa 40, choncho munthu sangakhale ndi console ndi mita nthawi imodzi. Kuyambira pano wokonza bolodili ayenera kulowa kuchokera pa kompyuta ina ndi SSH kudzera pa waya wa Ethernet kapena kubwera ndi sikirini ya HDMI.

Pampu yachiwiri ndi mabolodi atsopano

Bungwe lomwelo linali kukonzekera pampu yachiwiri ndipo linali litagula Raspberry Pi 4 Model B, choncho ndinaikonzeratu pa ulendo womwewo. Pi 4, imene inatuluka mu June 2019 ndi tchipi ya BCM2711, ili ndi ma PL011 ena anayi owonjezera, ndipo amatsegulidwa ndi dtoverlay=uart2 mpaka dtoverlay=uart5. Chofunika kusamala ndi mapini amene iliyonse imalanda. Ya uart2 imatenga GPIO 0 ndi 1, mapini 27 ndi 28, amene anasungidwira kuwerenga chizindikiro cha mabolodi omangidwa pamwamba otchedwa HAT. Ya uart3 imatenga GPIO 4 ndi 5, mapini 7 ndi 29, ndipo GPIO 4 ndi pamene pamakhala choyezera kutentha cha 1-Wire ngati munthu sanasankhe pena. Pa pampu yachiwiriyi panali DS18B20 yoyeza kutentha kwa m'bokosi pa pini imeneyo. Ya uart4 imatenga GPIO 8 ndi 9, amene ndi a SPI. Ya uart5 imatenga GPIO 12 ndi 13, mapini 32 ndi 33, amene anali omasuka, ndipo ndi imene ndinapatsa RS-485. Potero console inatsala pa mini UART pa mapini 8 ndi 10, kumene kusowa kwa parity sikuvuta, ndipo Bluetooth sinakhudzidwe.

Mapoti owonjezerawa alibe dzina lolozera ngati serial0, ndipo nambala imene amalandira pambuyo pa ttyAMA yakhala ikusiyana pakati pa ma kernel akale ndi atsopano. Chosasintha ndi adiresi ya UART m'kati mwa tchipi, imene imaoneka ndi dmesg | grep tty, ndipo ya uart5 ndi fe201a00. Ndinalemba lamulo la udev, gawo la Linux lotchula zipangizo mayina, lopatsa poti ya pa adiresi imeneyi dzina lakuti /dev/mita, ndipo pulogalamu imatsegula dzina limenelo, kuti kukweza makina oyendetsera kompyuta kusadzabweretse vuto lofanana ndi la pampu yoyamba. Pa bolodili ndinapempha kuti agule moduli ya RS-485 yolekanitsa magetsi a chingwe ndi a kompyuta, chifukwa chingwe chake ndi chachitali ndipo chimadutsa pabwalo m'dera la mphenzi.

Mafayilo a config.txt, cmdline.txt ndi lamulo la udev ndinawakopera pamodzi ndi pulogalamu, ndipo chithunzi cha mawaya chosonyeza manambala a mapini chinamatidwa m'kati mwa chitseko cha bokosi lililonse, kuti wosintha bolodi adzasamutse zonse pamodzi. Ndinalembaponso chenjezo lokhudza Raspberry Pi 5, imene ingathe kugulidwa bolodi lina likadzawonongeka. Pa Pi 5, ya mu 2023, /dev/serial0 imaloza ttyAMA10, imene ndi kapulagi ka mapini atatu kokhala pakati pa mapoti awiri a HDMI, osati mapini 8 ndi 10; UART ya pa mapini amenewa imatsegulidwa ndi mzere wa dtparam=uart0=on ndipo imatchedwa ttyAMA0. Pulogalamu ya pampu yoyamba ikadzasamutsidwira pa bolodi lotero, mzerewu uyenera kuwonjezeredwa ndipo dzina la poti liyenera kusinthidwa mita isanalumikizidwe.